Masiku Asanu M'thumba la Gauni

Lachisanu, 2 Juni

Wokondedwa Mzime,

Siya chilichonse chimene ukuchita. Itana amayi, uza alamu atule hamala, nonse muimirire. Ndili ndi chilengezo. Patatha zaka khumi ndi chimodzi ndikutumikira mtundu wa anthu nditakhala pa stulu, akuluakulu a chipatala chino aona kuti n'koyenera kundipatsa mpando wokhala ndi chotsamira. Unafika Lachitatu m'mawa. Mwendo umodzi ndi waufupi, koma tauikira buku la malamulo a chitetezo pansi pake, ndipo aka n'koyamba kuti bukulo lithandize munthu.

Moni akubwera pambuyo chifukwa nkhani zikuluzikulu ndizo zimatsogola. Muli bwanji nonse? Ine ndili bwino, ndikungokalamba diso lili pa maikulosikopu, kuwerenga maselo a magazi a anthu amene sindidzawaona nkhope. Uwauzenso amayi kuti sindine dokotala, ndine woyeza magazi mu labu. Ndikudziwa kuti samva, koma uwauze.

Nanga Wampira ali bwanji m'mimbamo? Mwezi wachisanu ndi chitatu uno ayenera kuti wayamba kumenya mapenate. Unandiuza kuti tsiku lina anakankha mpaka makope amene unkachonga anagwa pansi. Mwana wodana ndi ntchito ya aphunzitsi asanabadwe n'komwe, ameneyo ndi wakwathu. Undilembere zigoli zonse.

Dalaivala wa galimoto yonyamula magazi wavomera kupitiriza kutitengera makalata, Lachiwiri ndi Lachisanu, m'mawa kuchokera kwanuko, masana kubwerera. Ndamupempha kuti asamawaike m'bokosi lozizira, yapita ija inafika yozizira ngati moni wa apongozi. Foni ya pa chipatala chanu akuti ikonzedwa "posachedwapa". Mawu amenewa ndinawamvanso chaka chatha.

Lamulo langa silinasinthe: kalata yako imakhala m'thumba la gauni yanga ya ku ntchito mpaka Lamulungu. Pakati pa sabata ndimawerenga malungo ndi kuchepa kwa magazi, iwe sindingakuwerenge ndi maso omwewo. Lamulungu ndimapanga tiyi m'kapu yanga yabuluu ija, n'kukhala pansi, n'kumaseka ndekha mpaka oyandikana nane kundimvera chisoni. Ndipo chonde uwalande amayi cholembera chofiira. Sindinaiwale envulopu ija yolembedwa MWACHANGU katatu, ine n'kusiya ntchito, thukuta lili kamukamu, kutsegula n'kupeza akufunsa ngati ndinatenga chivindikiro cha ketulo.

Chivindikirocho ndili nacho. Usawauze.

Ndine mlongo wako,
Wampando


Lolemba, 5 Juni

Achimwene a Mpando,

Tamva, ndipo tagwada. Alamu anu akuti muwatumizire muyeso wa mwendo waufupiwo akupangireni kathabwa, chifukwa kalipentala sapeza mtendere akamva kuti kwinakwake mpando ukutsimphina. Amayi akuti dokotala wawo wakwezedwa pa ntchito, ndipo auza kale mzere wonse wa nyumba zathu. Sindinawatsutse.

Tili bwino. Ine ndiye ndachita zochititsa manyazi. Lachisanu ndinakwera pa desiki kuti ndikhome tchati cha mafupa a munthu, popeza oyendera sukulu akubwera, ndipo khoma lopanda kanthu limawapweteka mtima. Desikiyo inapendekeka. Ndinatsika njira yachidule, mimba n'kugunda pa kona ya tebulo langa. Ana makumi asanu ndi limodzi anakhala chete kwa nthawi yoyamba chibadwire.

Musadandaule. Palibe chothyoka, palibe magazi ngakhale dontho. Amayi anandiyang'ana bwinobwino kawiri, akuti popanda magazi palibe ngozi. Loweruka tinapita kwa azamba. Anamvetsera ndi kanyanga kawo kaja, akuti mtima ukugunda, ndibwerenso ndikaona magazi kapena ndikamva kupweteka. Kupweteka kulibe.

Koma Wampira wanu wanyanyala. Zigoli za sabata ino ndi izi: Loweruka zitatu, dzulo ziwiri, lero chimodzi, ndipo chimodzichonso sindikudziwa ngati anali iye kapena nyemba. Kale ndikamwa madzi ozizira ankandiponda nthiti ngati ndamulakwira. Lero ndamwa makapu atatu, ziii. Amayi akuti mwana akayandikira kubadwa amasunga mphamvu. Alamu anu akuti watengera ulemu wa kwawo.

Inu amene munakafika ku yunivesite, kodi zimatero? Ndikungofunsa. Cholembera chofiira cha amayi ndinachigwira ndithu, ndinayang'ana envulopu, kenako ndinakumbukira chivindikiro, ndachibweza pamalo pake. Sindikufuna kudzasimbidwa pa ukwati wa mwanayu.

Ngati mungathe, mundiyankhe ndi galimoto ya mawa yomweyi. Lamulo lanu ndikulidziwa. Ndangoti ndinene.

Mlongo wanu,
Mzime


Lachinayi, 8 Juni
(Pa envulopu, ndi cholembera chofiira: MWACHANGU)

Mwana wanga,

Moni. Ine ndili bwino, miyendo yokhayi. Uli bwanji iwe.

Galimoto ya Lachiwiri inabwerera yopanda kalata yako. Mlongo wako anakaidikira pa chipatala mpaka inazimitsa injini. Iye akuti ndisakuvutitse, koma ndinakubala ndine, ndikuvutitsa.

Mwana sakusewera bwino. Dzulo anagwedezeka kamodzi masana, lero mpaka pano ayi. Ine ndamuuza mlongo wako kuti palibe kanthu chifukwa magazi sanatuluke, iwenso unakhala chete masiku angapo usanabadwe ndipo taona mmene ukulongololera lero. Ndimamuuza choncho kuti mtima ukhale pansi. Wanga sukukhala. Iye amangokhala pa mpando manja ali pa mimba, ukamulankhula amayankha mochedwa. Ku sukulu sanapite.

Azamba anamvetseranso, akuti mtima ulipo. Ali okha pa chipatala chonse, mzere mpaka panja, sitingamawavutitse tsiku lililonse.

Iwe ndiwe dokotala. Tiuze chochita.

Chivindikiro ndikudziwa kuti uli nacho. Khala nacho.

Ndine mayi ako


Lachisanu, 9 Juni

Mzime,

Moni wothamanga, dalaivala waima pa khomo akuliza makiyi. Sabata ino yatikwera. Anzanga awiri atumizidwa ku maphunziro a kadzazidwe ka mafomu atsopano, amene ndi mafomu akale omwe aja koma obiriwira. Ndatsala ndekha ndi mpando wanga.

Kalata yako ya Lachiwiri ili m'thumba yosatsegula, ikundifunditsa pa chifuwa. Ndi yonenepa, ndiye ndikudziwa kuti muli miseche yabwino. Lero yabwera inzake ya amayi, MWACHANGU wake wofiira ngati galimoto ya ozimitsa moto. Ndikuganiza kuti ulendo uno ndi supuni. Zonse ziwiri zidikire Lamulungu, munthu wa mpando sathamangitsidwa.

Ndatumiza kampira kansalu, ndagula pa geti. Umuuze Wampira asiye kukuvutitsa, apumeko pang'ono, masewera enieni ali kutsogolo.

Wampando


Lamulungu, 11 Juni

Alamu, ndi iwe Mzime,

Ndawerenga zonse ziwiri. Tiyi ali apa wazizira. Kalata iyi ndikupatsira kondakitala wa basi ya masana, sindingadikire Lachiwiri. Ndikanabwera ndekha, koma ndikachoka palibe woyeza magazi a anthu opita ku opaleshoni mpaka anzanga abwerere.

Mvetserani, ndifotokoze bwinobwino. Mwana m'mimba ali ndi magazi akeake, sasakanikirana ndi a mayi. Pakati pawo pali nsengwa. Ili ngati khoma lopyapyala pakati pa nyumba ziwiri zogundana: chakudya chimadutsa, mpweya umadutsa, koma magazi aliyense kwake. Mimba ikagundidwa, khoma lija likhoza kung'aluka pang'ono. Zikatero mwana amataya magazi, koma satulukira kunja. Amalowa m'mitsempha ya mayi ake. Mayi samva kupweteka, chovala sichithimbirira, amayi akhoza kuyang'ana kakhumi osaona kanthu. Mtima wa mwana umagundabe, ndipo kanyanga ka azamba kamaumva, sakunama. Chokhacho chimene mwana angachite kuti atiuze n'kusiya kusewera, chifukwa wofooka sathamanga.

Sindikuti ndi zimenezo. Nthawi zambiri sizikhala zimenezo, ineyo pa zaka zonsezi ndaziona kawiri kokha. Koma njira yodziwira ilipo, yakalekale, ndipo ndi yokongola ndithu. Timatenga magazi a mayi m'kabotolo ka chivindikiro chapepo, n'kupaka dontho pa kagalasi, n'kukaviika mu asidi. Maselo a munthu wamkulu amasuluka, amangotsala mbuu, ife timawatcha mizukwa. A mwana wosabadwa sasuluka, amakhalabe ofiira. Ndiye munthu amakhala pansi n'kuwerenga maselo zikwi ziwiri, kuona kuti ofiirawo ndi angati, ndipo masamu amatiuza kuchuluka kwa magazi amene adutsa khoma. Kuyezaku kumachitikanso mayi atachira kale, ngati mwana wabadwa wotuwa popanda chifukwa chooneka. Mankhwala ake ndili nawo, ndaona, tsiku lake silinapitirire. Vuto n'lakuti ambiri saganiza zopempha kuyeza kumeneku. Mphunzitsi wathu wina ankati magazi a pansi amathamangitsa chipatala chonse, koma magazi obisala saimitsa munthu ngakhale pa tiyi. Tinkamuseka chifukwa ankanena zimenezi akumwa tiyi.

Choncho zingakhale bwino Mzime atabwera kuno, ngati mayendedwe angapezeke, popeza kuno kuli makina olemba kugunda kwa mtima wa mwana pa pepala. Chachikulu n'chakuti ndione magaziwo msanga.

Kalata yanga ya Lachisanu ija, Mzime, ing'ambe.

Mlamu wanu, mlongo wako


Lachiwiri m'mawa, 13 Juni

Alamu,

Ndikupereka moni mwaulemu. Pepani kalembedwe, dzanja langa linazolowera pensulo ya pa thabwa.

Kondakitala anaiwala kalata m'thumba, watipatsa dzulo masana basi itabweranso. Taiwerenga katatu, ine, amayi, kenako azamba. Zambiri zatipitirira, koma tamva kuti chachikulu mukufuna magazi. Azamba akuti kuyeza kumeneko anakumva ku sukulu koma sanakuonepo. Kabotolo ka chivindikiro chapepo anali nako kamodzi. Atenga magazi m'mawa uno, kali m'bokosi lozizira, ndalembapo ndekha kuti ka alamu.

Zobwera naye tinakambirana. Msewu mukuudziwa, maola atatu a mabampu okhaokha. Amayi akuti kugwedezekako kungawonjezere vuto, ndipo inu mwalemba kuti nthawi zambiri sizikhala zimenezo. Ndiye tati tiyambe tamva zotsatira. Ngati talakwa mutiuze.

Mkazi wanga sakulankhula zambiri. Akuti Lamulungu anamva kamodzi, ngati chala chogogoda pa chitseko. Dzulo sanamve. Anafuna kukwera galimoto yomweyi, nsapato anali atavala kale, ine ndi amayi ndi amene tamuletsa. Anatiyang'ana n'kuti, "Wamva m'mimba ndiye amatsegula chitseko." Amayi anati, "Iwe, mlongo wako wanena magazi, sananene munthu." Mkazi wanga anangovula nsapatozo.

Kabedi ka mwana ndamaliza, katsala vanishi. Sindikudziwa ngati ndipake.

Kathabwa ka mpando wanu kali mu envulopu. Muyeso ndangoyerekeza.

Mlamu wanu


Lachiwiri, 13 Juni, 12 koloko

Alamu,

Ofiira 62 pa 2,000. Mwana wataya pafupifupi theka la magazi ake. Ambulansi imene yabweretsa kalatayi ndi ya Mzime. Akwere TSOPANO. Musalongedze kanthu. Asadye kanthu. Adokotala akudikira.


Lachisanu, 16 Juni

Alamu,

Moni. Ndabwerera kunyumba kudzatenga zovala ndi zofunda, ndibweranso Lolemba. Ndinakufunani ku labu kawiri, anandiuza kuti mwatanganidwa, ndiye ndati ndilembe. Mwina zonse mwamva kale, koma ndikufuna mumve kwa ine.

Titafika anamumanga mkazi wanga lamba pa mimba, makina n'kuyamba kutulutsa pepala. Mzere wake unali wokwera ndi kutsika mofanana, wosalala ngati malata atsopano. Ine ndinati, "Koma ndiye ukugunda mwadongosolo." Adokotala anangoitana anzawo. Pambuyo pake anamwino anandiuza kuti mzere wa mwana wamphamvu umakhala wokhotakhota, wosalalawo ndi wa mwana amene watopa. Zaka zonsezi ine ndimadziwa kuti chosalala ndiye chabwino.

Sipanathe ola, mwana anamutulutsa ndi opaleshoni. Wampira wanu ndi mtsikana. Anali woyera ngati thabwa longopala kumene, ndipo sanalire. Anamuthira magazi kudzera pa mchombo. Ndinaona ndi maso anga milomo ikusintha mtundu. Alamu, sindinalirepo pa anthu, koma tsiku limenelo anthu anandiona.

Adokotala akuti tikanachedwa tsiku lina limodzi tikanamutaya. Akutinso ubongo wake unakhala masiku ambiri ndi mpweya wochepa, zotsatira zake tidzaziona akamakula, tidikire. Ine kudikira ndimadziwa, guluu amauma pa nthawi yake.

Amayi akuuza wodi yonse kuti mwana wawo dokotala anaona ndi diso limodzi chimene chipatala chonse sichinaone. Ulendo uno inenso ndikuvomereza. Dzulo anakumana ndi dalaivala pa geti, atabwera pa ulendo wapadera, anamukalipira pa anthu kuti ankasunga makalata athu. Iye anati, "Mayi, ine ndimapereka tsiku lomwelo, kafunseni." Iwo anati, "Ndikafunse ndani, mwana wanga akanakhala chete atalandira?" Dalaivala anangokwera galimoto yake.

Koma wolakwa wamkulu ndine. Nsapato zija ndinamuvula ndine. Munalemba kuti abwere, ine sindinawerenge bwino. Mundikhululukire, chifukwa mlongo wanu sindikudziwa kuti ndiyambire pati.

Kabedi ndapaka vanishi.

Mlamu wanu


Loweruka, 17 Juni
(Yoperekedwa ndi anamwino a ku wodi ya amayi)

Achimwene,

Kuchokera pa bedi langa kufika ku labu kwanu ndi masitepe makumi anayi, anamwino andiwerengera. Lero ndi tsiku lachinayi. Akuti mumabwera nthawi ya chakudya chamasana, n'kuima pa windo la chipinda cha ana, n'kubwerera. Gauni yoyera imaoneka patali, achimwene.

Mwana akumwa mkaka wanga kudzera pa kapaipi ka m'mphuno. Chala changa amachifumbata. Miyendo ayi, imangokhala mmene waiikira.

Kalata ya pa 9 ija sindinaing'ambe. Amayi ndi alamu anu sanaione, ndinangowaonetsa kampira. Sadzaiona.

Sindikufuna nthabwala, sindikufunanso phunziro. Ndikufuna mundiuze chinthu chimodzi, inu amene mumadziwa kuwerengera. Mukanatsegula Lachiwiri lija, zikanakhala bwanji?

Iyi musaisungire Lamulungu.

Mzime


Loweruka, 17 Juni

Mzime,

Ndatsegula anamwino asanatembenuke.

Ndinayamba kukulembera kuti palibe angadziwe. Kuti kwa ena magazi amadutsa onse tsiku limodzi, kwa ena pang'onopang'ono, ndipo kagalasi kamanena kuchuluka kokha, sikanena tsiku. Zimenezo n'zoona, ndipo zinadzaza masamba awiri okongola kwambiri. Ndawataya.

Zigoli unandilembera wekha: zitatu, ziwiri, chimodzi. Lolemba lija anali adakali ndi mphamvu yokankha. Ndikanatsegula Lachiwiri, ukanagona muno Lachitatu. Wabadwa Lachiwiri linalo. Masiku asanu anathera m'thumba langa, pa chifuwa pomwe ndinkanyadira kuti pakufunda. Awiri enawo ndi a kalata yanga yaitali ija, imene inafotokoza zonse bwinobwino koma inalephera kunena kuti bwera. Alamu anawerenga bwino. Nsapato sanakuvule ndi iwo.

Dalaivala ndinamupepesa dzulo, anangogwedeza mutu n'kupitiriza kutsitsa bokosi. Amayi ndi alamu ndiwauza ndekha. Usandisungire kalatayo, wanyamula zokwanira.

Magazi onse a mwana wa msinkhu wake sadzaza makapu awiri a tiyi. Amene ndinawapeza mwa iwe ndi kapu imodzi. Ndinayeza ndi madzi m'kapu yabuluu ija, anafika pomwe ndimalekezera tiyi. Kagalasi kaja ndikadali nako. Mwana wako ndinayamba kumuona ndine, iwe usanamuone: timadontho 62 tofiira pakati pa mizukwa. Ndinawerenga kawiri, ndikuyembekezera kuti ndalakwitsa.

Wafunsa, ndiye ndikuyankha. Ndikuganiza kuti miyendo ija bwenzi ikukankha. Sindingatsimikize. Koma ndikuganiza choncho, ndipo ndidzaganizabe choncho mpaka tsiku limene adzayende, kapena limene tidzasiye kudikira.

Kathabwa ka alamu kakwana ndendende, mpando sukugwederanso.

Ndikwera masitepewo ikakwana folo. Ngati sukufuna kundiona, uwauze anamwino akoke katani. Ndiima pa windo.

Mlongo wako